Gemu ndi yaulere, nanga kutchena kukhale kwa olipira okha?

Loweruka lina m'mawa achemwali anga anandiimbira foni, moni osapereka n'komwe. "Achimwene, bwerani mudzalankhule naye mphwanuyu. Ine ndalephera."

Mlandu unali wa K18,000. Anamupatsa mnyamatayo, yemwe ali Fomu 2, kuti akagule nsapato za kusukulu pa kaunjika poti zakale zinali zitayasama kutsogolo ngati mlamba. Nsapato sizinafike pakhomo, ndalama nazonso sizinabwerere. M'minibasi ndinkangoganiza zoipa zokhazokha: kaya wayamba kubetcha za mpira, kaya mowa, kaya pali kamtsikana penapake. Nditafika ndinamutengera kuseri kwa nyumba n'kumufunsa mwachifatse. Iye anangotulutsa foni, n'kutsegula gemu ina yowomberana imene amasewera ndi anzake pa intaneti, n'kundionetsa kamunthu katavala jekete yofiira yonyezimira ndi chigoba kumaso.

"Ndalama ija ndi imeneyi, ankolo."

"Kodi jeketeyi imakuteteza ku zipolopolo?"

"Ayi."

"Ukaivala umathamanga kwambiri?"

"Ayi ankolo, ndi yongotchenera basi."

"Ndiye wasinthanitsa nsapato zenizeni ndi jekete yoti sungaivale ngakhale mu Juni?"

Anakhala chete kanthawi, kenaka anati: "Ankolo, inu simungamvetse. Ukalowa ndi zovala zimene amakupatsa poyamba zija, anzako amati ndiwe bot. Akamasankhana pa gulu, iwe sakutenga. Ndiye zovala zabwinozo amapatsa okhawo olipira."

Kwa amene simusewera, bot ndi kamunthu koyendetsedwa ndi kompyuta, kopusa, kongofa mwachisawawa. Kutchedwa bot ndi chipongwe chachikulu.

Sindinamuikire kumbuyo. Kudya ndalama ya nsapato n'kulakwa, ndipo ndinamuuza mosapsatira. Koma pobwerera kunyumba mawu ake aja anandikanirira m'mutu. Kodi n'koyenera kuti zokongoletsa za mu gemu zizikhala za olipira okha, wosalipira azingoyenda ngati wochokera kumunda? Osewera magemu padziko lonse akhala akukangana za nkhaniyi kwa zaka zambiri, ndipo lero yalowa m'nyumba zathu kudzera pa mafoni ali m'manja mwathuwa.

Malaya opanda ulusi

Magemu ambiri amene achinyamata akusewera masiku ano, monga Free Fire, PUBG Mobile, Call of Duty: Mobile, Roblox ndi Fortnite, kulowamo ndi ulere. Ukakhala ndi foni yabwinoko ndi bandulo, basi wayamba. Koma mkati mwa gemu iliyonse muli sitolo, ndipo katundu wambiri wa m'sitolomo ndi wongosintha maonekedwe: zovala, tsitsi, zigoba, utoto wa mfuti kapena wa galimoto, ngakhale kavinidwe koti kamunthu kako kazivina ukapambana. Osewera amazitcha ma skin. Mnzanga wina wanthabwala amati dzinali silinalakwike, chifukwa amene alibe ma skin ndiye masikini wa mu gemu.

Kagulitsidwe kake kali patatu. Pali kugula chinthu chimodzi kamodzi, ngati mmene ungagulire shati pa msika. Pali chimene amati battle pass, pomwe umalipira kamodzi pa nyengo ya milungu ingapo, kenaka mphatso zimatseguka pang'onopang'ono ukamasewera. Ndiye pali umembala wolipira sabata ndi sabata kapena mwezi ndi mwezi, ngati mmene timalipirira TV yoonera mpira. Free Fire ili ndi umembala wa pa sabata ndi wa pa mwezi. Kampani ya Epic Games inayambitsa Fortnite Crew mu Disembala 2020 pa mtengo wa $11.99 pa mwezi, ndipo mwezi uliwonse mamembala amalandira chovala chawochawo chimene anthu wamba sachipeza.

Chodabwitsa n'chakuti poyamba anthu ankaziseka zimenezi. Mu Epulo 2006 kampani ya Bethesda inayamba kugulitsa zovala zachitsulo za hatchi mu gemu ya Oblivion pa $2.50. Osewera anakwiya, ena anaseka mpaka misozi: ndani wozungulira mutu angalipire ndalama kuti aveke hatchi ya pa sikirini? Koma anthu anagula ndithu. Lero palibe akuseka. Zikalata zimene zinatuluka pa mlandu wa Epic Games ndi Apple mu 2021 zinaonetsa kuti Fortnite, gemu imene anthu ambiri amalowamo ulere, inabweretsa ndalama zoposa $9 biliyoni m'zaka ziwiri zokha, 2018 ndi 2019. Gwero lalikulu la ndalamazo ndi malaya opanda ulusi omwewa.

Timve mbali ya ogulitsa ndi ogula

Tisanayambe kutukwana makampani, tiwamvere kaye. Gemu ya pa intaneti si bawo yoti ukasema kamodzi ntchito yatha. Pamafunika maseva oyaka usana ndi usiku, akatswiri olemba mapulogalamu, ojambula, opeka nyimbo, ndi ena ogwira akathyali olowa ndi mapulogalamu obera. Onsewa mwezi ukatha amafuna malipiro. Ndalamayo iyenera kuchokera penapake.

Njira zoipezera si zambiri. Kampani ikhoza kugulitsa gemu yonse pa $60 kapena $70 monga amachitira ndi magemu akuluakulu a PlayStation ndi Xbox, ndiye ambiri a ife tikanangoonerera pa windo. Ikhoza kulipiritsa pakhomo mwezi ndi mwezi monga World of Warcraft yakhala ikuchitira kuyambira mu 2004. Ikhoza kudzaza gemu ndi malonda otsatsa mpaka wosewera kutopa. Kapena ikhoza kugulitsa mphamvu: wolipira akhale ndi mfuti yoopsa, wosalipira akhale nyama yogwetsedwa.

Njira yomalizayi ndiyo osewera amadana nayo koposa. Mu Novembala 2017 kampani ya EA inaona zakuda ndi gemu ya Star Wars Battlefront II, imene inalola anthu kugula mabokosi otulutsa zinthu zowonjezera mphamvu pa nkhondo. Phokoso linakula mpaka kampaniyo inayamba yatseka zogulagulazo gemu isanatuluke kwa anthu onse. Phunziro linali lomveka: gulitsani china chilichonse, koma chigonjetso chisakhale cha pa msika.

Tikaziona choncho, kugulitsa zokongoletsa ndi njira yachifundo pa zonsezi. Wolemera amalipirira magetsi a seva, wosauka amalowa ulere, ndipo bwalo limakhala limodzi. Mnyamata wa ku Ndirande wa foni yosweka galasi akhoza kugwetsa mwana wa mpondamatiki wa ku Dubai wovala suti yagolide, ndipo sutiyo singamupulumutse. Nthawi zina ndalama za zokongoletsazi zimachitanso zooneka ndi maso. Mpikisano wa The International wa gemu ya Dota 2 mu 2021 unali ndi mphotho zoposa $40 miliyoni, ndipo pafupifupi zonse zinachokera ku gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zimene osewera anagulira battle pass.

Olipira nawonso ali ndi mfundo. Amati: "Ndalama ndi yanga, ndakhetsera thukuta. Ngati chimene ndalipirira aliyense achipeza ulere, ndiye ndikulipiriranji?" Ndipo apa ndiulule, kuopa kukhala ngati woyera. Ine ndili ndi jezi ya timu imene ndimasapota, ndinaigula modula mwezi utafika pakati. Jeziyo sinandichititse kudziwa kumenya mpira, ndipo timu yanga imagonjabe ndikaivala. Koma ndikaivala ndimamva bwino. Ndiye ndine ndani woti ndiseke mphwanga?

"Ndi zokongoletsa chabe"

Mawu amene makampani ndi olipira amakonda ndi akuti, "Ndi zokongoletsa chabe, sizisintha kanthu." Apa ndi pomwe ndimasiyana nawo. Chikanakhala kuti sizisintha kanthu, bwenzi palibe akugula.

Aliyense amene anakulira kumudzi kapena m'makomboni akudziwa za zovala za Khirisimasi. Diresi yatsopano sinkakhutitsa m'mimba, kabudula watsopano sankachiza malungo. Koma mwana amene sanamugulire ankabindikira m'nyumba tsiku lonse anzake akuzungulira pa msika. Yunifolomu ya kusukulu nayonso ntchito yake ina ndi yomweyo, kuti mwana wa abwana ndi mwana wa mlonda asasiyane kwambiri akakhala pa desiki imodzi. Chovala chimalankhula, ndipo ana amamva chinenero chake kuposa akulu.

Mu gemu yunifolomu ilipo, koma inatembenuzidwa. Ndi ya osauka okha. Mu Fortnite mawu akuti default, omwe amangotanthauza chovala chimene umayamba nacho, anasanduka chitonzo. Mu Roblox wosewera wa tsitsi laulere lija amamutcha bacon hair momuseka. Mu Okutobala 2019 ofesi yoona za ana ku England, imene nthawi imeneyo inkatsogoleredwa ndi Anne Longfield, inatulutsa lipoti la ana ndi magemu a pa intaneti. Mwa zina, ana anafotokoza kuti amanyozedwa ndi anzawo akamasewera Fortnite ndi chovala chaulere, ndipo amaona ngati akukakamizika kugula. Ngati zili choncho ku England, komwe kholo likhoza kutulutsa mapaundi 10 osamva kuwawa kwenikweni, kuli bwanji kwa mayi wogulitsa mandasi?

Ndipo kagulitsidwe kake si ka mwangozi. Chovala chimaikidwa m'sitolo ndi wotchi yowerenga maola otsala, kuti ugule usanaganize. Mtengo sulembedwa m'madola kapena m'makwacha, umalembedwa m'madayamondi, ma UC, ma Robux kapena ma V-Bucks, kuti mutu usamawerengere bwino. Ukagula mtolo wa ndalama za mu gemuzo, kawirikawiri pamatsala tochepa toti sitingagule kanthu, ndiye umafuna kuwonjezera. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Maboma ena anaona kuti zafika pena. Mu Epulo 2018 bungwe loyang'anira za juga ku Belgium linagamula kuti mabokosi amwayi ogulidwa ndi ndalama, aja umalipira osadziwa chimene chitulukemo, ndi juga basi. Mu Disembala 2022 Epic Games inavomera kulipira $520 miliyoni pa milandu imene bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linaitsegulira. Mwa ndalamazo, $245 miliyoni inali yobwezera anthu amene anagulitsidwa zinthu mosafuna, kuphatikizapo makolo amene ana awo ankangodina batani ndalama n'kumachoka pa khadi.

Komanso malire a chokongoletsa ndi chopatsa mphamvu sakhala oonekeratu nthawi zonse. Osewera Call of Duty: Warzone akukumbukira chovala cha Roze, chakuda bii kuyambira kumutu mpaka kuphazi, chimene chinkapezeka mu battle pass yolipira. Wochivala akabisala pa ngodya ya mdima sankaoneka, mpaka mu 2021 eni gemu anachisintha anthu atadandaula kwambiri. Mu Free Fire ma skin ena a mfuti amasinthadi kaomberedwe ka mfutiyo. Ndiye mukamva kuti "ndi zokongoletsa chabe", muzifunsa kawiri.

Nkhwangwa yobwereka

Tsopano tibwere pa thumba lathu. Magemuwa mitengo yake imayambira ku dola, pomwe ife timalandira makwacha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola imodzi inafika pa K1,700 ku banki. Pa mtengo umenewo, $11.99 ya pa mwezi ija ndi ndalama zoposa K20,000, ndipo pa chaka ndi pafupifupi K245,000. Apo sitinawerengere bandulo. Wachinyamata wa ku London ndalama imeneyo ndi ya chakudya cha masana amodzi. Wa ku Mzuzu ndi ndiwo za masiku angapo pakhomo. Chovala n'chimodzimodzi, koma thukuta logulira chovalacho n'losiyana kutalitali.

Poti si aliyense ali ndi khadi ya ku banki yolipirira zinthu za kunja, pabuka anyamata a pakati. Umawatumizira ndalama pa foni, iwo amakuikira madayamondi. Ena ndi achilungamo. Ena amakupempha dzina ndi pasiwedi ya akaunti yako, mawa lake ukadzuka akaunti yapita, zovala zonse zapita, nambala yawo sikupezekanso. Ukadandaula kwa yani? Mphwanga anachita mwayi kuti amene anamutumizira K18,000 uja anamuikiradi.

Koma ngakhale zonse zitayenda bwino, pali funso limene ambiri sitidzifunsa: kodi chimene ndagulachi n'changadi? Shati ya pa kaunjika ukaigula ndi yako, ukhoza kuipatsa mng'ono wako, ikatha n'kukhala chokolopera. Chovala cha mu gemu chimakhala pa seva ya eni ake, ndipo iwe wangogula chilolezo chochivala. M'magemu ambiri sungachigulitse, sungachipatse munthu, ndipo gemu ikatsekedwa chimapita nayo limodzi.

Izi si zongoopseza. Apex Legends Mobile inatuluka mu Meyi 2022, n'kusankhidwa kukhala gemu yapamwamba ya chaka chimenecho ndi Google komanso Apple. Pa 1 Meyi 2023 inatsekedwa, ndipo kampani inanena kuti sibweza ndalama zimene anthu anagulira zinthu mkatimo. Ku India boma linaletsa PUBG Mobile mu Seputembala 2020 ndi Free Fire mu Febuluwale 2022, osewera n'kungodzuka magemu awo achotsedwa m'masitolo a pa foni. Ku California mpaka anakhazikitsa lamulo, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2025, lokakamiza ogulitsa zinthu za pa intaneti kunena poyera ngati munthu akungogula chilolezo osati chinthu chenichenicho. Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Umembala wa pa mwezi umawonjezera msampha wina. Chovala cha mwezi uno sichidzabweranso mwezi wamawa, ndiye ukaganiza zosiya umaona ngati uphonya kanthu. Umalipirabe ngakhale mwezi umene mayeso akupanikiza ndipo sukusewera n'komwe. Ndipo malipirowo amangodzidula okha pa khadi mpaka iwe utakumbukira kuwaletsa.

Pomwe ine ndaima

Ndiye kodi zokongoletsa zikhale za olipira okha? Yankho langa ndi ili: zina inde, zonse ayi.

Taganizirani za bwalo la mpira, kaya Kamuzu Stadium kaya Bingu. Pali malo a VIP, pa mthunzi, mipando yabwino, ndipo palibe amadandaula kuti wolipira zambiri akhale pamenepo. Koma chimene chimapangitsa kuti masewero akome ndi khamu la padzuwa lija, oimba, ovina, oliza mavuvuzela. Chotsani khamulo, a VIP atsala akuonera mpira wozizira ngati maliro.

Mu gemu ndi chimodzimodzi. Anthu a m'makampaniwa ali ndi dzina la osewera ochepa amene amawononga ndalama zambiri, amawatcha anangumi. Koma nangumi sakhala m'chithaphwi. Amafuna nyanja yodzaza ndi ife usipa. Wosalipira ndi amene amadzaza bwalo kuti masewero ayambe msanga, ndi amene amaitana anzake kuti alowe, ndiponso ndi amene amasirira suti yagolide ija. Kutchena kopanda okuona si kutchena. Choncho wosalipira si mlendo wodyera chisoni ayi. Akulipira ndi nthawi yake, bandulo yake ndi kupezeka kwake, ndipo kampani yanzeru imamupatsa ulemu.

Ulemuwo ndi wotani? Choyamba, pakhale khomo la thukuta. Amene alibe ndalama koma ali ndi khama azitha kupeza chovala chooneka bwino posewera, ngakhale zitatenga miyezi. Izi n'zotheka chifukwa ena akuchita kale. Mu Old School RuneScape wosewera akhoza kusonkhanitsa golide wa mu gemu n'kugula bond imene imamupatsa umembala wa masiku 14 osatulutsa tambala. Mu Warframe ndalama yogulidwa ndi madola ija ukhoza kuipeza pogulitsa kwa osewera anzako zinthu zimene wapeza pomenya nkhondo. Fortnite yomweyo kwa zaka zambiri yakhala ikupereka ma V-Bucks ochepa kwa osalipira nyengo iliyonse, moti wodekha amatha kusunga mpaka kugula battle pass. Pomwe khomoli lachepetsedwa, osewera amaona msanga. Overwatch 2 itatuluka yaulere mu Okutobala 2022, anthu anadandaula kwambiri kuti zovala zimene kale ankazipeza pongosewera tsopano zinali pafupifupi $20 chimodzi.

Ndipo kunena zoona, chovala chopezeka ndi thukuta chimakhala ndi ulemu wake umene chogula chilibe. Chogula chimanena kuti uyu ali ndi ndalama. Cha thukuta chimanena kuti uyu ndi dolo, samalani naye.

Chachiwiri, pali zinthu zina zosayenera kukhala pa msika n'komwe. Kusankha khungu lofanana ndi lako, tsitsi lofanana ndi lako, kukhala mwamuna kapena mkazi, zimenezi si mashasha. Kwa zaka zambiri osewera akuda akhala akudandaula kuti m'magemu ambiri khungu lakuda ndi tsitsi lathuli sizipezeka, kapena zimapezeka zosaoneka bwino. Mu Disembala 2020 eni The Sims 4 anawonjezera mitundu ya khungu yoposa 100 kwaulere osewera atachita phokoso, ndipo chaka chomwecho World of Warcraft nayo inawonjezera makungu akuda ndi masitayelo atsopano a tsitsi. Umu ndi momwe ziyenera kukhalira. Mapiko amoto gulitsani, chisoti cha chinjoka gulitsani, koma mtsikana wa ku Zomba asalipire kuti kamunthu kake kafanane naye.

Chachitatu, chimene munthu walipirira chikhale chake ngakhale atasiya umembala, mtengo ulembedwe m'ndalama zenizeni, ndipo za mabokosi amwayi zichoke pamaso pa ana. Pa mfundo yoyambayo Fortnite Crew imachita bwino, chifukwa chovala chimene walandira chimatsala pa akaunti yako ngakhale utasiya kulipira. Zikatsatidwa zitatuzi, olipira atchene mmene angafunire, ine sindidzalankhula.

Nanga ife tichite bwanji?

Makampaniwa ali ku America, ku Singapore, ku China, ndipo sawerenga tsamba lino. Amene tikuwerenga ndi ife, ndiye tiyambe ndi zimene zili m'manja mwathu.

Musanadine batani logula, sinthani mtengowo kukhala makwacha, kenaka kukhala chinthu chogwirika: mathiransipoti a masiku angati, mabandulo angati, makilogalamu angati a shuga. Mukaona kuti n'zoyenerabe, gonani kaye usiku umodzi. Wotchi ija ikuwerenga maola inaikidwa dala kuti musagone. Ngati ndi umembala wa pa mwezi, lembani tsiku lodula pa kalendala ya foni, ndipo mwezi umene simukusewera uletseni. Pasiwedi ya akaunti yanu musapatse munthu, ngakhale akulonjezeni madayamondi a theka la mtengo. Ndipo ngati m'bale wanu wamng'ono amabwereka foni yanu, ikani loko pa zogulagula mu Play Store kapena App Store. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri, koma imapulumutsa ubale.

Ndalama yosangalalira si tchimo. Ngati mwagwira ntchito, lendi mwalipira, kunyumba mwatumiza, ndipo mwatsala ndi kangachepe koti mugulire kamunthu kanu chipewa, gulani, musamve manyazi. Ena amathera zoposa pamenepo pa bala usiku umodzi. Cholakwika ndi kugula chifukwa cha mantha oti anzako akuseka.

Ndipo apa ndi pomwe pali ntchito yathu yaikulu, ife amene tili achimwene, achemwali, ankolo ndi azakhali a ana amenewa. Kampani imagulitsa chovala, koma chitonzo chimachokera kwa ife osewera. Amene amati "bot" pa gulu la WhatsApp si munthu wa ku Singapore, ndi mnzathu wa pa mpanda pomwepa. Tikasiya kuseka wovala zaulere, theka la mphamvu ya sitolo ija latha. Ngati ndinu mkulu wa gulu, sankhani anthu poona kasewero kawo. Ngati ndinu dolo, tsiku lina lowani dala ndi chovala chaulere n'kuwakwapula onse, ana aone kuti luso siligulidwa.

Za mphwanga zinatha chonchi. Achemwali ankafuna foni ilandidwe mpaka atamaliza Fomu 4. Ine ndinapempha kuti tisafike pamenepo, poti kulanda foni sikuphunzitsa mwana kuwerengera ndalama. Tinagwirizana kuti K18,000 ija abweza yekha. Holide yonse anatunga madzi pa nyumba ina imene ikumangidwa kufupi ndi kwawo, ndipo Loweruka lililonse ankabweretsa zimene wapeza kwa mayi ake. Sukulu itatsegulidwa anapita ndi nsapato zoyasama zija kwa sabata ziwiri, atazisoketsa kwa wosoka nsapato pa msika. Paja amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha.

Sabata yatha ndinamufunsa za jekete ija. Anaseka mwamanyazi. "Ankolo, inatha fashoni. Pano kwatuluka ina yobiriwira, aliyense akufuna imeneyo."

"Ndiye ugula?"

Anayang'ana nsapato zake zatsopano, n'kupukusa mutu. "Madzi aja ndi olemera, ankolo."

Tikumanenso sabata yamawa. Pakadali pano, amene muli ndi ma skin tchenani mwaulemu, amene mulibe ombani molunjika.